Mwana wanga wandifunsa chifukwa chimene Myop anasiyira maluwa pansi

MayiWaAtatu
Abale ndithandizeni pano. Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wabwera ndi homuweki, awapatsa kankhani ka Chingerezi kotchedwa The Flowers ka Alice Walker, kakafupi zedi masamba awiri osadzadza n'komwe. Ine poona mutu wake ndimati ndi za maluwa basi ndiye ndinamuuza kuti awerenge mokweza ine ndikutsuka mbale. Koyambirira kukoma kwake, kamtsikana ka zaka 10 dzina lake Myop kakudumphadumpha pakhomo, kali ndi kandodo kakugogoda mpanda wa khola la nkhumba ngati kakuimba ng'oma, kenako kalowa m'tchire kukathyola maluwa. Mwadzidzidzi kaponda chigaza cha munthu, chidendene mpaka kukodwa pakati pa mphumi ndi mphuno. Ine mbale ija ndinaisiya m'madzi momwemo. Kumapeto kapeza chingwe chowola pansi, chidutswa china chikulendewera pa nthambi, ndiye kaika maluwa ake pansi, nkhani n'kuthera pomwepo ndi mawu oti chilimwe chatha.

Ndiye mwana wandifunsa kuti amayi, bwanji sanathawe atangoona mafupa, koma maluwa anawasiya ataona chingwe? Ndasowa chomuyankha. Komanso mtima sukukhala m'malo, kodi nkhani zotere ndi zopatsa ana a msinkhu uwu? Usiku wa dzulo anapempha kuti tisazimitse getsi.

Tsabola_Wakale
Ayi mayi, zimenezo si za mwana wa zaka 13. Mukaonane ndi aphunzitsi akewo. Ana tikuwathamangitsa nazo zinthu masiku ano, ubwana ndi kamodzi.

kabuku22
a Tsabola, mwana wa mu nkhaniyo ali ndi zaka 10 tu. Ndi wamng'ono kuposa amene akuwerengayo.

Tsabola_Wakale
Wa mu nkhaniyo ndi wopeka, uyu wogona getsi lili chiyakire ndi weniweni.

Mphunzitsi_wa_Kalasi
Mayi, funso la mwana wanu ndi lomwe ine ndimalakalaka ophunzira anga atafunsa, ambiri amathamangira kulemba kuti maluwa akuimira ubwana, basi atha, chifukwa ndi zomwe apeza pa intaneti. Mwana wanuyu wawerengadi.

Taonani mmene nkhaniyo yayendera. Myop ataponda chigaza chija sakuopa, wolembayo akunena yekha kuti anawerama mosaopa kuti achotse phazi. Akungokuwa pang'ono modabwa ataona mano. Kenako akuchotsa masamba ndi dothi, akumuyang'ana munthuyo bwinobwino, kuti anali wamtali, zala zitalizitali, mafupa akuluakulu, mano oyera koma onse ophwanyika kapena othyoka. Mpaka akuyang'ana uku ndi uku mwachidwi, n'kuona duwa la rozi n'kulithyola. Tangoganizani, kuthyola duwa pafupi ndi mutu wa munthu wakufa. Ndi mwana wa pa munda, pakhomo pawo pali nkhuku, nkhumba, ndi kanyumba kofutsira nyama, imfa waiona kale. Kwa iye munthu kufa ndi chinthu chimene chimachitika ngati mmene masamba amayoyokera.

Chingwe ndi chimene chikumuuza zina. Chingwe sichidzimanga chokha pa nthambi. Pali anthu anabwera nacho, anachiponya pamwamba, anamanga mfundo, ndipo asanatero anamumenya mpaka mano onse aja kuthyoka, atatha anapita kwawo kukadya osamuika n'komwe m'manda. Pamenepo ndi pamene Myop akudziwa kuti kunja kuno kuli anthu otha kuchita zotere mwadala. Mumuuze mwana wanu kuti iye mwini wayankha kale theka la funsolo pongolifunsa.

dzombe
Koma ine ndifunse, paliponse mu nkhanimo palembedwa kuti munthuyo anali wakuda? Ndawerenga kawiri sindinapaone. Mwina anadzimangirira yekha. Tisamangoikamo za tsankho paliponse.

kabuku22
Wodzimangirira amayamba wadzithyola mano onse?

Mphunzitsi_wa_Kalasi
a dzombe mwaona bwino, palibe pamene palembedwa, ndipo mawu oti lynching, kutanthauza gulu la anthu kupha munthu popanda kumuzenga mlandu, mulibemo ngakhale kamodzi. Koma tawerengani zimene wolemba wakuikirani pansi. Dzanja la Myop akuti ndi lakuda. Nyumba yawo ndi kachisakasa ka matabwa ka alimi aja olima munda wa mwini malo n'kumagawana zokolola, tinene kuti matenanti. Akukolola thonje, chimanga, mtedza, ndiye ndi kumwera kwa America kumeneko. Munthu wakufayo chomwe chatsala pa thupi lake ndi tiulusi ta ovololo ya buluu, zomangira zake zachitsulo zitasanduka zobiriwira ndi dzimbiri, chovala cha mlimi wosauka. Ndipo chingwecho akuchitchula mtundu wake, ndi chija chowongolera nyama polima ndi pulawo. Munthu wa ku Georgia wowerenga zimenezi mu 1973, pamene buku lokhala ndi nkhaniyi linatuluka, sankafuna kumuuzanso kuti chinachitika n'chiyani.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi ovololoyo ndi chingwecho. Zonse ziwiri Myop amaziona tsiku ndi tsiku pakhomo pawo. Bambo ake ayenera kuti amavala yomweyo, chingwe chotero chiyenera kuti chimakolekedwa pa msomali kuseri kwa nyumba.

dzombe
Chabwino za mano ndi ovololo ndamva. Komabe ndikuona ngati tikumupatsa mwana wa zaka 10 nzeru zoposa msinkhu wake. Angadziwe bwanji tanthauzo la chingwe ngati sanauzidwepo?

Nyenyezi_ya_mmawa
Ana amadziwa zambiri kuposa mmene timaganizira achimwene. Samadziwa ndi mawu, amadziwa ndi kachetechete wa akuluakulu. Mwana amamva mayi ake akutsitsa mawu akatchula dzina linalake, amaona bambo ake akuvula chipewa n'kuyang'ana pansi pamaso pa mwini munda amene ndi wamng'ono kwa iwo, amauzidwa kuti usadzadutse njira yakuti osauzidwa chifukwa. Zonsezo zimakhala zili mbalambanda m'mutu mwake zosalumikizana. Ndiye tsiku lina akuona chingwe, zonse zija n'kugwirana pakamodzi. Ine ndi mmene ndimaimvera nkhaniyi.

Kamtsitsi
Ine pa dzina lokha. Myop ndi dzina lanji? lachikuda kapena?

kabuku22
Ambiri amati lachokera ku myopia, vuto la maso loona zapafupi zokha, zakutali osaziona. Ndipo mu nkhanimo akuti kwa iye panalibe china chilichonse padziko koma kanyimbo kake, kandodo kake ndi kugogoda kuja. Komanso wolembayu nkhani ya maso amaidziwa ndi thupi lake. Alice Walker anabadwa mu 1944 ku Eatonton, Georgia, chitsiriza m'banja la ana 8, makolo ake analinso alimi ogawana zokolola omwewo. Ali ndi zaka 8 mchimwene wake anamuwombera mwangozi ndi kamfuti kosewerera ka timipira tachitsulo, diso lakumanja linasiya kuona, ndipo chilonda chake chinakhala choyera pa diso mpaka anachichotsa ali ndi zaka 14. Iye mwini analembapo kuti kuyambira pamenepo anasiya kudzutsa mutu, anasanduka mwana wodzipatula wongowerenga ndi kulemba. Ndiye za tsiku limodzi lodula moyo wa mwana pawiri sankachita kumva kwa anthu.

Kamtsitsi
Eee sindimadziwa zimenezo. zikomo

Tsabola_Wakale
Zonsezi ndi zabwino kwa ife akuluakulu pano. Funso la mayiwa ndi loti mwana wawo sakugona. Palibe wayankha zimenezo.

Gogo_Wowerenga
Ndiyankhe ine a Tsabola, ndakalamba ndipo ndinali kumbali yanu zaka zambiri.

Ndili ndi zaka 9 anandituma madzulo ena, pobwerera ndinapeza gulu la anthu litazungulira mnyamata amene ankati waba. Ndinalowa pakati pa miyendo ya anthu kuti ndione, mwa chibwana. Sindikufotokozerani zonse. Chimene ndimakumbukira mpaka lero ndi nsapato yake imodzi itagona payokha chapatali, ndiponso nkhope ya bambo wina amene ndinkamudziwa, amene ankandipatsa moni bwinobwino masiku onse, atanyamula mwala ndi manja awiri. Nditafika kunyumba zomwe anandituma ndinali nditazitaya osadziwa kuti ndazitaya pati. Mayi anga anandikalipira za zotayikazo, ine osanena kanthu. Patapita masiku anamva kuti ndinalipo, anangoti uiwale zimenezo, ndipo sitinakambenso mpaka anamwalira. Sindiwada, ankaganiza kuti akunditeteza. Koma ndinakhala zaka ndikumulambalala bambo uja panjira ndili ndekhandekha ndi chinthu chija m'mutu.

Ndiye ine ndikuti mwana wa mayiwa ali ndi mwayi umene ine ndinalibe. Wakumana nazo pa pepala, m'khitchini, mayi ake ali pompo, ndipo wafunsa. Getsi lisiyeni liyake masiku awiri atatu, silitha. Choopsa ndi kumuuza kuti uiwale.

MayiWaAtatu
Agogo mwandiliza. Zikomo pondiuza zimenezi.

mlendo_uja
Pepani agogo pa zomwe munaona. Koma ndipemphe kuti tisasakanize zinthu ziwirizi, kuti anthu kumenya woganiziridwa kuba ndi chimodzimodzi ndi zimene zinkachitikira akuda ku America. Zonse ndi zoipa, koma kumeneko chinali chida chosungira mtundu wonse wa anthu pansi ukapolo utatha mu 1865, ndipo apolisi, oweruza ndi manyuzipepala nthawi zambiri ankadziwa kapena kuthandiza kumene. Ku sukulu ya ukachenjede ya Tuskegee anasunga kaundula, kuyambira 1882 kufika 1968 anawerenga anthu 4,743 ophedwa mwa njira imeneyi, mwa iwo 3,446 akuda. Bungwe la Equal Justice Initiative litafufuzanso linapeza akuda oposa 4,400 pakati pa 1877 ndi 1950. Mississippi ndiye inali patsogolo, Georgia kwawo kwa wolembayu kubwera pachiwiri. Ndipo milandu yake ina munthu ungadabwe, kukangana ndi mwini munda pa za malipiro, kufuna kuvota, kusatchula mzungu mwaulemu, kapena kungolemera basi. Ku Memphis mu 1892 anapha Thomas Moss ndi anzake awiri, gwero la mkangano linali golosale yawo imene inkapikisana ndi ya mzungu wa pafupi. Mnzake wa Moss, mtolankhani Ida B. Wells, ndi pamene anayamba kufufuza ndi kulemba poyera kuti nkhani yoti akuda akugwirira akazi achizungu inali chophimbira chabe pa milandu yambiri, ndipo anamuphwanyira ofesi ya nyuzipepala yake, osabwereranso ku Memphis kwa zaka zambiri.

Mwana wa mayiwa akafunsa kuti munthu uja analakwanji, yankho loona ndi loti mwina sanalakwe kanthu.

Gogo_Wowerenga
Sindikukana mwanawe, ndipo sindimati ndi zofanana. Ine ndimanena za mwana amene waona, osati za amene apha. Koma pali kusiyana kumene mwandikumbutsa. Ine nditaona zija ndinaopa anthu. Myop ayenera kuti anaopa ndi khungu lake lomwe, chifukwa chimene anaphera munthu uja iyenso anali nacho, bambo ake anali nacho, ndipo sichochapika.

dzombe
Apa ndiye mwandigwira agogo.

Chiphaliwali
Mundilole ndipatuke pang'ono. Mawu otsiriza aja inu mukuti chilimwe chatha, koma kodi chilimwe ndi mawu oyenera? Ku America summer ndi nthawi imene kunja kuli kobiriwira, mbewu zikukhwima, ana ali pa holide. Ukati chilimwe munthu amaona fumbi ndi udzu wouma.

kabuku22
Nanga tinene kuti dzinja latha? zikumveka ngati mwana wasangalala kuti matope atha

Chiphaliwali
Ndi zomwe ndikunenazo, palibe liwu limodzi lokwana. Mwina kungoti nyengo yokoma ija inathera pomwepo.

Mphunzitsi_wa_Kalasi
Mfundo ya a Chiphaliwali si yopanda pake. Mwana akamvetsa kuti kumeneko ikatha nyengo imeneyi masamba amayoyoka, kuzizira n'kubwera, chiganizo chija chimalemera. Ndipo taonani kuti nkhani yonse ikuchitika m'mawa umodzi, pofika 12 koloko masana ndi pamene Myop wafika pamalo paja, mtunda woposa mailo imodzi kuchoka kwawo. Dzuwa likadali pamutu, kalendala sinasinthe. Yatha ndi nyengo ya iye yekha.

Pali kenanso kamene ophunzira amakadumpha. Tchire limeneli Myop ankapitamo kawirikawiri ndi mayi ake kukatola mtedza wa m'mitengo, koma tsikuli akuti anadzipangira njira yakeyake. Ndipo akuyenda akuyang'anira njoka. Zimene anamuchenjeza ndi njoka basi.

Nyenyezi_ya_mmawa
Apa pa njoka mwandibaya aphunzitsi. Ndiye kuti mayi ake ankadziwa njira zoti azimudutsitsa?

Mphunzitsi_wa_Kalasi
Nkhaniyo sinena. Koma munthu wamtali chonchija kusowa m'dera la alimi ochepa, mailo imodzi kuchoka pakhomo, n'zovuta kukhulupirira kuti akuluakulu sankadziwa. Ndipo palibe anapita kukamuika.

Tsabola_Wakale
Ndiye mwaona, mayi akewo anachita zomwe ine ndikunena. Anamuteteza mwana wawo zaka 10 zathunthu, anakula akusewera ndi kuimba. Zimenezo ndi zolakwika? Inu mukufuna akanamukhazika pansi ali ndi zaka 6 n'kumuuza za anthu opachikidwa m'mitengo?

Nyenyezi_ya_mmawa
Sindikuwaweruza mayiwo a Tsabola, zaka 10 zimenezo ndi mphatso yaikulu ndithu m'dziko ngati limenelo. Koma mphatsoyo inatha mwana ali yekha m'tchire phazi lili m'chigaza.

mlendo_uja
Funso la a Tsabola makolo achikuda ku America akhala akulimbana nalo mibadwomibadwo, ndipo kwa iwo silinali la homuweki. Mu August 1955 Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wokulira ku Chicago, anapita kukacheza kwa achibale ku Money, Mississippi. Mayi ake Mamie anamulangiza asananyamuke za mmene ayenera kukhalira pamaso pa azungu a kumwera, koma mwana wokulira kwina sakanamvetsa kukula kwake. Anamuneneza kuti wachita chipongwe kwa mkazi wachizungu m'sitolo, anabwera usiku kudzamutenga pa nyumba ya achibale akewo, patapita masiku atatu mtembo wake unapezeka mu mtsinje wa Tallahatchie atamumangirira chitsulo cholemera cha makina a thonje m'khosi ndi waya waminga. Mayi ake anakana kutseka bokosi, anafuna kuti dziko lione, magazini ya Jet inasindikiza zithunzizo. Amuna awiri amene anazengedwa mlandu, Roy Bryant ndi J. W. Milam, anamasulidwa ndi gulu la oweruza azungu okhaokha atakambirana kwa ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo chaka chotsatira anavomera poyera m'magazini ina kuti anamuphadi, atalipidwa ndalama.

Alice Walker anali ndi zaka 11 nthawi imeneyo. Ana achikuda ambirimbiri a msinkhu wake anaona zithunzi zija, ambiri amene anadzalowa m'gulu lomenyera ufulu m'ma 1960 ankanena kuti chithunzi chimenecho ndi chimene chinawasintha. Tinganene kuti mbadwo wonse unaponda chigaza chija pamodzi. Ndipo lamulo la boma lalikulu loti lynching ndi mlandu pawokha linadzasainidwa mu March 2022, litatchedwa dzina la Emmett Till yemweyo, pambuyo poti mabilu pafupifupi 200 analephera m'mbuyomo.

Kamtsitsi
2022?? ndimayesa mwalakwitsa kulemba

mlendo_uja
2022 yomweyi asisi.

Tsabola_Wakale
Zomvetsa chisoni zedi. Koma mwana wa mayiwa sali ku Mississippi ya 1955. Palibe akubwera kudzamutenga usiku. Ndiye katundu ameneyu timusenzetse chifukwa chiyani?

kabuku22
Chifukwa ali ndi foni a Tsabola, kapena mnzake ali nayo. Kanema wa 2020 wa George Floyd, munthu wakuda amene anaphedwa ndi wapolisi ku America, ana anamuona asanafunse aliyense. Bola ayambe wakumana nazo m'masamba awiri olembedwa mosamala, mopanda magazi ngakhale dontho, mmene wolemba wamugwira dzanja mpaka pamapeto.

Tsabola_Wakale
Za foni ndavomera. Komabe aphunzitsi akanayamba awachenjeza makolo, kapena kuwerenga nawo anawo m'kalasi kaye osati kungowaponyera kuti kawerengeni kunyumba. Pamenepo sindisuntha.

Mphunzitsi_wa_Kalasi
Pamenepo tili limodzi bambo. Ine chaka choyamba kuiphunzitsa ndinalakwitsa momwemo, ndinangogawa mapepala Lachisanu. Lolemba mnyamata wina wa kumbuyo amene sankayankhula m'kalasi anabweza pepala lake atalipinda kanayi, osalembapo kanthu, ndipo ndinadzamva mochedwa kuti kwawo kunagwa maliro a munthu wodzimangirira miyezi ingapo m'mbuyomo. Chingwe chija kwa iye chinali china. Kuyambira pamenepo timawerengera limodzi mokweza, ndimayamba ndawauza kuti kutsogoloku kuli mtembo, ndipo ndimasiya mphindi zingapo tisanayambe mafunso.

Nyenyezi_ya_mmawa
Pali mbali ina imene sitinaikhudze. Ana achizungu nawonso ankaona zimenezi, koma iwo ankachita kutengedwa ndi makolo awo. James Baldwin ali ndi nkhani yake ya 1965, Going to Meet the Man, mmene wapolisi wachizungu akukumbukira ali ndi zaka 8 bambo ake atamunyamula paphewa kuti aone bwino munthu wakuda akuotchedwa, anthu atabwera ndi zakudya ngati akupita kokasangalala. Mwanayo anali ndi mnzake wakuda wosewera naye. Chimene chimaopsa mu nkhani imeneyo n'choti pomaliza mwanayo akumva kuti amawakonda bambo ake kuposa kale, ngati amulowetsa m'chinsinsi cha akuluakulu. Nayenso ubwana wake unathera pomwepo, kungoti iye anatuluka ali munthu woti adzamange chingwe china. Iyoyo ndiye mayi musamupatse mwana wanu panopa, ndi yolemera kwambiri.

mlendo_uja
Ndipo Baldwin sankapeka za ana aja. Pali chithunzi cha 1935 cha Rubin Stacy ku Fort Lauderdale, Florida, akulendewera pa mtengo atavala ovololo, manja omangidwa, pambali pake timatsikana tachizungu tovala madiresi oyera bwino tikuyang'ana, kena kakuoneka ngati kakumwetulira. A bungwe lomenyera ufulu wa akuda la NAACP anachisindikiza pa kapepala kawo n'kuuza anthu kuti asayang'ane wakufayo, ayang'ane anawo. Zithunzi zina zotere zinkagulitsidwa ngati mapositikhadi.

Chiphaliwali
Ovololo yomweyo eti. Ndiye kuti Myop anafika pamalo pamene mwina ana ena anaimapo kale akuonerera.

dzombe
Ine ndibwerere pa maluwa. Ena akuti anawaika pansi chifukwa ubwana watha, sakuwafunanso. Ine ndikuona ngati anamuikira munthu uja, ngati mmene anthu amaikira nkhata pa manda. Palibe anamulira, palibe anamuika, ndiye kamwana aka ndi koyamba kumuchitira ulemu. Ndi ine ndekha ndikuona choncho?

kabuku22
Simuli nokha. Mawu amene agwiritsidwa ntchito ndi oika pansi mwadala, osati kugwetsa kapena kutaya. Akanakhala kuti wadzidzimuka akanawamwaza n'kuthawa.

Gogo_Wowerenga
Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Manja a mwana anali odzadza ndi zinthu zimene anatola m'mawa wonse, zabuluu zachilendo zija ndi zonunkhira zija, ndiye chuma chake chonse chimenecho. Anapereka zonse. Ine nsapato ija ndinkalakalaka ndikanaitola n'kuiika pafupi ndi mwini wake, ndinaganiza zimenezo zaka zambiri.

Tsabola_Wakale
Agogo mundikhululukire ngati ndinayankhula mouma poyamba paja.

Gogo_Wowerenga
Palibe cholakwa bambo, mumateteza mwana.

mlendo_uja
Za kusaikidwa m'manda zija, ku Montgomery, Alabama anatsegula malo achikumbutso mu 2018, muli zipilala zachitsulo zoposa 800 zolendewera kuchokera kudenga, chilichonse chikuimira dera limene munaphedwa anthu, mayina atalembedwa pamenepo, ndipo pena pamangolembedwa kuti wosadziwika. Amatenganso dothi la pamalo pamene munthu anaphedwera n'kuliika m'mabotolo agalasi olembedwa dzina ndi tsiku. Munthu wa mu nkhani yathuyi akanakhala mmodzi wa osadziwika aja. Mwana wanu mukhoza kumuonetsa zithunzi za malo amenewo mayi, mulibe choopsa, ndi mabotolo a dothi lamitundumitundu basi.

MayiWaAtatu
Ndabweranso abale. Dzulo madzulo tinakhala pansi awiriwiri, ang'ono ake atagona. Sindinamuuze zonse zimene mwalemba pano, za Emmett Till ndangotchula pang'ono, zithunzi za mabotolo a dothi ndinamuonetsa pa foni. Ndinamufunsa kaye kuti iweyo ukuganiza kuti chingwe chinamuuza chiyani Myop chimene mafupa sanamuuze. Anakhala chete nthawi yaitali akukanda tebulo ndi chikhadabo, kenako anati, kuti panali anthu. Ndinati eya. Anafunsa ngati anthuwo anamangidwa, ndinamuuza zoona kuti nthawi zambiri ayi. Apo anakwiya, mpaka misozi, ndipo ndinamusiya akwiye.

Kwa aphunzitsi ake ndipitabe a Tsabola, osati kukadandaula za nkhaniyo koma kukapempha kuti ulendo wina aziyamba awerenga nawo. Getsi anazimitsa yekha cha m'ma 10.

Koma wandisiyira funso lina m'mawa uno akumanga nsapato. Akuti amayi, Myop atafika kunyumba manja ali opanda kanthu, mayi ake anamufunsa kuti maluwa ali kuti?

Nyenyezi_ya_mmawa
Ine ndikuganiza kuti anangomuyang'ana kumaso n'kudziwa njira imene wadutsa.

Gogo_Wowerenga
Mumuuze alembe yekha tsamba limenelo mayi, mmene iye akufunira kuti mayi akewo akanayankhira. Akalemba mudzatiwerengere pano ngati iye walola.